Kuona makamera akunyumba muli kutali

Amene muli ndi ma CCTV kapena kompyuta kunyumba ndipo mumafuna kumaziona muli kuntchito kaya ku Joni, chonde musamatsegule ma port (timakomo tolowera kuchokera pa intaneti) pa rauta, makamaka 3389 ya Remote Desktop (yoyendetsera kompyuta muli kutali), pali ma bot (mapulogalamu oyenda okha) amangosakasaka pa intaneti usana ndi usiku ndiye akapeza password ikadali admin admin basi alowa. M'malo mwake ikani Tailscale (app yolumikiza zipangizo zanu mwachinsinsi) pa foni ndi pa kompyuta yakunyumbayo, imayendera WireGuard (njira yobisa zomwe zipangizozo zikutumizirana), ya munthu payekha ndi yaulere, komanso imagwira ngakhale pa rauta ya SIM kadi pomwe kutsegula ma port (port forwarding) kumakanika chifukwa cha CGNAT (makasitomala ambiri kugawana adiresi imodzi ya pa intaneti). Makamera ambiri salola kuikamo app, ndiye kompyutayo ikhale subnet router (mlatho woti foni ifikire makamerawo), izikhala yoyaka. UPnP (yomwe imatsegula yokha ma port pa rauta) zimitsani. Koma magetsi akathima mwagwa nazo, pezani ka UPS (kabatire kosungira magetsi).