Kolera ikabuka, geni yanu isaime

Amayi anzanga a geni ya mandasi, zitumbuwa ndi thobwa, dzinja likubwera. Kolera ija inayamba mu Marichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 inatiphunzitsa kanthu. Makhonsolo ena ataletsa kugulitsa zakudya zophikaphika, ambirife tinadya mpamba tili khale pakhomo.

Ine chinandipulumutsa n'kusintha katundu. M'malo mwa thobwa, ndinkagulitsa chimera ndi ufa woyezera pa kambale, anthu azikaphika okha kwawo. Mtedza wouma, usipa, mchere womanga m'timapepala, zonsezi sizinaletsedwe. Sopo wa mtanda ndinkamudula tizidutswa ting'onoting'ono kuti ngakhale wa ndalama zochepa agule. Ameneyu ndiye ankatha msanga kuposa zonse.

Pabenchi ikani ndowa ya kampopi ndi sopo, pamalo poti aliyense aone. Klorini kapempheni kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Mukathira m'madzi, dikirani mphindi 30 musanamwe. Makasitomala akamaona mukusamba m'manja mukangogwira ndalama, amabweranso mawa.

Amene ali kutali auzeni alipire pa Airtel Money kapena Mpamba, wakabaza awapititsire katundu pakhomo.