Ma container akakana kudzuka magetsi akabwera

Kuno ku Dedza magetsi akathima n'kubweranso, seva imayaka bwinobwino koma ma container ena a Docker (pulogalamu yoyendetsa mapulogalamu ena m'timabokosi totchedwa ma container) amangoti zii. Musathamangire kufufuta aise, nthawi zambiri vuto ndi disiki. Lembani lamulo la lsblk muone ma disiki onse, pena hard drive ya USB yomwe dzina lake linali sdb imadzuka ili sdc ndiye siichita mount (siilumikizidwa ku foda yake), Docker imapeza foda yopanda kanthu n'kumalemba pa disiki ya system mpaka kudzadza. Mu fayilo ya /etc/fstab, m'malo mwa dzina ngati sdb, ikani UUID (nambala yosasintha ya disikiyo) yochokera ku lamulo la blkid, kenako sudo mount -a, muyatsenso Docker.

Lamulo la df -h likaonetsa kuti disiki yadzadza 100%, yambani ndi docker image prune kuti mupeze malo. Koma docker system prune samalani nayo, imachotsa ma container onse oima, kuphatikizapo omwe mukufuna kukonzawo.