Miyendo ikukula ndi kupweteka koma mapazi sakusintha: momwe mungadziwire lipedema ndi zoyenera kuchita

Pali amayi ena amene akapita kukasoketsa diresi, telala amayeza kawiri poganiza kuti walakwitsa. Kumtunda ndi munthu wochepa thupi, koma kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi amakhala ngati munthu wina. Anthu amangoti "ali ndi mbina" kapena "watengera amake", ena mpaka kumasirira. Chimene saona n'chakuti mwana akangomukhalira pantchafu, mayiyo amaluma mano ndi ululu.

Nthawi zina vutolo limakhala lipedema, matenda amene mafuta amaunjikana mosayenera m'chiuno, m'matako, m'ntchafu ndi m'akatumba, mwa ena mpaka m'mikono. Oyamba kuwafotokoza anali madokotala awiri a ku Mayo Clinic ku America, Allen ndi Hines, mu 1940. Matendawa amagwira pafupifupi akazi okhaokha, amayenda m'banja, ndipo amakonda kuyamba thupi likamasintha: potha msinkhu, pa nthawi ya pakati, kapena mayi akamasiya kusamba.

Choyamba: dziyang'aneni nokha kunyumba

Chitani izi m'mawa mukangodzuka, miyendo isanatope. Imani opanda nsapato n'kuyang'ana miyendo yonse iwiri. Lipedema amakuza miyendo yonse mofanana, osati umodzi. Kenako yang'anani pa akakolo. Mafutawo amathera pomwepo mwadzidzidzi, ngati mwavala buluku lotukumuka lomangidwa ndi lasitiki m'munsi, phazi n'kukhala laling'ono bwinobwino. Nchifukwa chake ambiri nsapato amavalabe saizi yawo yakale pomwe masiketi onse anawathina.

Tsopano tsinani khungu la pamwamba pa chala chachiwiri cha kuphazi, choyandikana ndi chala chachikulu, cha kutsinde kwake. Ngati khungu likunyamuka mosavuta, zikugwirizana ndi lipedema. Ngati ndi lolimba, losatsinika, ndiye kuti mwina ndi kutupa kobwera chifukwa cha madzi a m'thupi amene sakuyenda, komwe madokotala amati lymphoedema. Kayezedwe kameneka amakatcha chizindikiro cha Stemmer, ndipo ndi komwe dokotala akachitenso.

Dinikizani chala chanu pamsongolo kwa masekondi angapo. Pakatsala kadzenje kochedwa kubwerera, m'mwendomo muli madzi. Lipedema payekha kawirikawiri sasiya dzenje. Sisitaninso ntchafu pang'onopang'ono. Ambiri amamva timibulu pansi pa khungu, ngati nyemba m'kathumba, ndipo pamapweteka ngakhale mwangogwira mofewa. Mikwingwirima imabweranso mosavuta, kungogunda pang'ono pangodya ya tebulo basi. Pakhungu lakuda siioneka msanga, ndiye muzimvetsera malo amene akupweteka kapena kuda kuposa ena musanakumbuke chimene chinakugundani.

Funso lomaliza ndi ili: munayesapo kuchepetsa thupi, nkhope ndi mapewa n'kuphwa, miyendo osasuntha? Ndiye chilembeni chimenecho, n'chofunika kwambiri.

Chachiwiri: dziwani zimene sizidikira

Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi, n'kumatentha ndi kupweteka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa magazi akhoza kukhala ataundana mumtsempha. N'chimodzimodzi ngati kutupako kukubwera ndi phuma, kapena ngati muli ndi pakati ndipo mwatupa nkhope ndi manja, mutu ukuwawa. Izi si lipedema.

Chachitatu: pitani kuchipatala mutakonzeka

Palibe kuyeza magazi kumene kumaonetsa lipedema. Dokotala amadziwa pomva mbiri yanu ndi pokuyang'anani, ndiye zimene munganene m'mphindi zochepa zija n'zimene zimatsogolera zonse. Musangoti "miyendo ikutupa", chifukwa mawu amenewo amachititsa dokotala kuganizira za matenda a mtima ndi impso. Nenani chaka chimene zinayamba, kuti miyendo yonse ikukula mofanana, kuti mapazi sakusintha, kuti imapweteka ikagwidwa, komanso ngati amayi anu, azakhali kapena achemwali anu ali ndi miyendo yotero. Zithunzi zakale za pafoni zimathandiza. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa. Amlodipine, amene ambiri amamwa chifukwa cha BP, amatupitsa akakolo mwa anthu ena.

Musadabwe akakuyezani mtima, impso, chiwindi kapena chithokomiro. Akufuna kuchotsa kaye matenda ena pamndandanda. Kuno amaganiziranso za elephantiasis, matenda otupitsa mwendo ofalitsidwa ndi udzudzu, amene ankavuta kwambiri ku Chikwawa, Nsanje ndi Karonga. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2020 kuti Malawi wawagonjetsa ngati vuto la dziko, koma omwe anatupa kale akadalipo. Kusiyana kwake n'kwakuti elephantiasis amatupitsa ndi phazi lomwe, ndipo nthawi zambiri mwendo umodzi umaposa unzake.

Dzina la lipedema mulitchule nokha, mwaulemu. Si azachipatala onse anakumanapo nalo, ndipo m'buku la WHO la mayina a matenda linapatsidwa nambala yakeyake, EF02.2, m'kope la ICD-11 lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022. Mukauzidwa kuti "ingochepetsani nsima" popanda kukugwirani miyendo n'komwe, pemphani kuti akutumizeni kuchipatala chachikulu.

Chachinayi: chithandizo cha tsiku ndi tsiku

Mankhwala ochiziratu palibe. Chimene chilipo n'kuchepetsa ululu ndi kuteteza kuti muziyendabe bwino, ndipo apa anthu a mafizo ndi amene amathandiza kwambiri. Muwapeza m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Chida chachikulu ndi masokosi kapena mabuluku othina a chipatala, amene amafinya mwendo mwa muyezo. Sachotsa mafuta, koma amachepetsa kupweteka ndi kulemera kwa miyendo. Akuyezeni kaye, musangotola pakaunjika, chifukwa othina malo olakwika amadula pabondo kapena pa akakolo n'kuwonjezera vuto. Avaleni m'mawa, muvule pogona. Kunena zoona, mu Okutobala kuvala zimenezi ndi chilango, ndipo ambiri amasiya. Ndi bwino kuvala maola amene mwaima nthawi yaitali, monga pamsika kapena m'kalasi, kusiyana n'kusiyiratu. Amene ali ndi shuga kapena vuto la kayendedwe ka magazi m'miyendo afunse dokotala asanayambe.

Yendani, palasani njinga, ndipo ngati pali posambira, yendani m'madzi ofika m'chiuno. Madzi amafinya miyendo okha ndipo mawondo sapweteka. (Anzathu a kunyanja, samalani ndi likodzo m'malo a bango ndi madzi osayenda.) Pa zakudya, cholinga n'kupewa kuwonjezera kunenepa wamba pamwamba pa lipedema, popeza ziwirizi zikakumana mawondo ndi amene amavutika. Kudzimana chakudya mpaka chizungulire sikuphwetsa ntchafu zimenezi.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupemphani musachite. Musagule mapiritsi okodzetsa, monga furosemide, poganiza kuti aphwetsa miyendo. Amachotsa madzi, pomwe vuto lanu ndi mafuta, ndipo angakusokonezeni mchere wa m'thupi. Musalolenso kutemedwa mphini m'miyendo: chilonda pamwendo wotero chimalowetsa tizilombo mosavuta.

Nanga opaleshoni?

Ilipo, yopopa mafuta, yotchedwa liposuction, yochitidwa mosamala kuti isawononge timitsempha ta madzi. Ambiri amene anachitidwa amati ululu unachepa, koma ndi yodula, imachitika kangapo, ndipo masokosi aja amavalidwabe pambuyo pake. Ku Germany inshuwalansi ya boma inayamba kulipirira odwala kwambiri mu 2020, pomwe ku Britain bungwe la NICE, lomwe limapereka malangizo a zachipatala, linanena mu 2022 kuti izichitika pa kafukufuku pokha chifukwa umboni unali usanakwane. Ngati mukuganiza zokachitira ku Johannesburg kapena kwina, funsani dokotalayo kuti wachitapo odwala lipedema angati, osati ongofuna kukongoletsa thupi, komanso kuti adzakuonani ndani mukabwerera kumudzi mabala asanapole.