Kukwera Hunter Mountain podzera ku Becker Hollow mpaka pa nsanja yoonera moto

Abale amene muli kuno ku New York ndi New Jersey mwakhala mukundifunsa za phiri lija la nsanja yachitsulo pamwamba, ndiye ndati ndilembe kamodzi basi. Phirili ndi Hunter Mountain, ku mapiri a Catskills m'boma la New York, lalitali mamita 1,231, lachiwiri kwa Slide Mountain m'dera lonselo. Njira zofikira pamwamba zilipo zingapo koma ine ndikukamba ya Becker Hollow, yomwe ndi yaifupi koma ndi yomwenso imaliza anthu miyendo, chifukwa pa mtunda wa makilomita atatu ndi theka okha mumakwera mamita pafupifupi 670. Ngati muli ndi ana ang'ono kapena bondo limakuvutani kale, chonde dzerani ya Spruceton, ndi yotalikirapo koma imakwera mwaulemu.

Kuchoka mu New York City ndi ma awala awiri ndi theka kapena atatu pagalimoto. Mugwire I-87 mpaka Kingston, kenako Route 28 kukafika Phoenicia, mukhotere mu Route 214 nkudutsa Stony Clove Notch, poimika magalimoto pali cha kumanzere. Malowo ndi ochepa, Loweruka amadzadza msanga, ndiye lawirirani. Netiweki kumeneko imavuta, mapu muwadawunilode muli kunyumba ndipo wina amene watsala adziwe kuti mwapita kuti komanso mubwera nthawi yanji. Mukangoyamba njira mupeza bokosi muli buku, lembanimo dzina ndi nambala ya anthu amene muli nawo, musalidutse, ma ranger (alonda a nkhalango) amayambira pomwepo munthu akasowa.

Tsono apa ndi pomwe pagona nkhani. Chigawo choyamba chimanyenga zedi, njira yake ndi yosalala, kamtsinje kakuyenda pambali, mudutsa kadamu kakale ka simenti, ndipo mtima umati aa zomwe amanena zija nzabodza, nkuyamba kuthamanga. Musatero. Mphamvu zimenezo muzifuna posachedwa, chifukwa njira ikangosiyana ndi madzi imaimirira ndipo siimapumanso mpaka pamwamba, palibe pamene mungati apa pagona pang'ono. Ulendo wanga woyamba ndinayamba ndi liwiro, pofika pakati malaya anali atamatira kumsana, mtima ukugunda mpaka m'makutu, ndinakumbatira mtengo kwa kanthawi ndisanathe kuyankhula. Ulendo wachiwiri ndinaponda timasitepe tifupitifupi, pang'onopang'ono ngati mmene amakwerera amayi atasenza mtolo wa nkhuni, kupuma mphindi imodzi nditaima chilili osakhala pansi, ndipo ndinafika bwinobwino. Liwiro labwino ndi lomwe mungathe kucheza ndi mnzanu mukuyenda, mawu akayamba kudukaduka chepetsani.

Madzi tengani malita awiri munthu mmodzi ndipo muzimwa musanamve ludzu. Nthochi, mtedza, buledi, mazira owiritsa zimakwana. Nsapato zikhale zamano pansi, osati zoterera zopitira ku tchalitchi, ndipo juzi kapena jekete ikhale mu chikwama olo pansi kukutentha bwanji, poti pamwamba mphepo imalowa mpaka m'mafupa thukuta likangozizira. Katochi nakonso kasatsale.

Pamitengo pali tizizindikiro tozungulira, inu tsatani ta buluu. Mukadutsa chikwangwani cha 3,500 feet mitengo imasintha, kumayamba ya balsam fir ija yonunkhira ngati Khrisimasi, ndipo kuchokera pamenepo moto ndi oletsedwa. Chapafupi ndi pamwamba pali mphambano, tengani njira ya tizizindikiro ta chikasu, imeneyo ikakutulutsani pabwalo pomwe pali nsanja ndi kanyumba ka mlonda.

Nsanjayo ndi ya mamita 18, inamangidwa mu 1917 ndipo mu 1953 anaisamutsira pomwe ili panopa. Boma la New York linayamba kuika alonda pamapiri mu 1909 moto olusa utapsereza nkhalango kwambiri mu 1903 ndi 1908. Munthu amakhala mmwambamo tsiku lonse maso ali kunkhalango, akaona utsi nkuimba foni, ngati mmene timalondera anyani kumunda. Kenako ntchitoyo inatengedwa ndi ndege nsanja nkutsekedwa, mpaka anthu ongodzipereka anaikonza. Ndiwonso amatsegula kachipinda kapamwamba ma weekend a chilimwe, masiku ena mumathera pa masitepe omaliza, komabe mumaona kutali. Pokwera gwirani zitsulo manja onse awiri, foni ikhale m'thumba, chipewa chivuleni mphepo ingakulandeni. Nsanjayo imagwedera pang'ono, musachite mantha, koma mukamva bingu olo patali bwanji tsikani nthawi yomweyo, chitsulo pamwamba pa phiri si malo oimapo kukamang'anima.

Potsika ndi pomwe ambiri amavulala, miyendo imakhala ikunjenjemera ndipo timiyala timagubuduka pansi pa phazi, makamaka mu October masamba akagwa nkubisa mizu yonyowa. Mangitsani zingwe za nsapato musanayambe kuti zala zisamagunde kutsogolo, pindani mawondo pang'ono, pena muzitsika cham'mbali, ndodo imathandiza kwabasi. Kuyambira November mpaka April kumtunda kumakhala ayisi, opanda ma microspikes (tizitsulo tosongoka tomangirira kunsi kwa nsapato) musayerekeze. Mukafika pagalimoto dzifufuzeni nkhupakupa m'miyendo ndi m'chiuno musanakwere, zakuno zimapatsa matenda a Lyme.