Mmene mungapangire gemu muli nokha mpaka kuimaliza

Gemu yanga yoyamba sindinaimalize. Ndinkafuna kupanga nkhani ya mnyamata woyenda wapansi kuchoka ku Nsanje mpaka ku Chitipa, akudutsa m'misika, m'mapiri ndi m'mbali mwa nyanja. Ndinadzaza makope awiri ndi mapu komanso mayina a anthu oti azikumana nawo m'njira. Patatha miyezi 14, chimene ndinali nacho pa sikirini chinali kamunthu koyenda kumanja ndi kumanzere pansi pa mtengo umodzi wa mlambe. Mtima unandipweteka, ndipo ndinatha chaka osaikhudzanso.

Yachiwiri ndinaimaliza m'miyezi isanu. Ndi ya kondakitala wa minibasi: okwera akukupatsa ndalama, iwe uyenera kubweza chenji cholondola galimoto isanafike pa siteji yotsatira. Zimene ndalemba apa ndi zimene ndinachita mosiyana ulendo wachiwiriwu.

Choyamba, lembani m'chiganizo chimodzi chimene wosewera azichita ndi zala zake. Musalembe nkhani kapena mbiri ya dziko la m'gemumo, lembani ntchito ya zala. Changa chinali chakuti: "Wosewera akulandira ndalama ndi kubweza chenji nthawi isanathe." Chiganizo chanu chikakhala ndi mawu akuti "komanso" kawiri kapena katatu, ndiye kuti mwasenza magemu atatu pamutu umodzi. Tulani awiriwo.

Anthu akamakamba za munthu wopanga gemu yekha amathamangira kutchula Eric Barone, amene anajambula zithunzi, kupeka nyimbo ndi kulemba code (malangizo olembedwa ouza kompyuta zochita) ya Stardew Valley yekha. N'zoona, koma zinamutengera zaka zinayi ndi theka isanatuluke mu 2016, ndipo nthawi imeneyo ankagwira ganyu yolondolera anthu pamipando m'nyumba ya zisudzo ku Seattle. Daisuke Amaya wa ku Japan anatha zaka zisanu akupanga Cave Story pa nthawi yake yopuma, n'kuitulutsa mwaulere mu 2004. Ine amene ndimati muphunzirepo ndi Lucas Pope. Gemu yake ya Papers, Please ya mu 2013 pafupifupi yonse imachitikira pa tebulo limodzi la pa chipata cha dziko, pamene wosewera amayang'ana mapasipoti n'kudinda chidindo chololeza kapena chokaniza. Pa tebulo limodzilo panakwana gemu imene anthu amaikumbukirabe.

Musanayatse kompyuta, isewereni ndi manja. Ine ndinadula mapepala a m'kope n'kulembapo K100, K200, K500, K1,000, K2,000 ndi K5,000. Mphwanga ankakhala kondakitala, ine ndinkakhala okwera onse, foni ili pambali kuwerenga masekondi. Tsiku lomwelo ndinaona kuti akakhala okwera atatu masewerawo sakoma, koma akafika asanu ndi awiri munthu amayamba kutuluka thukuta ndi kuseka. Ndikanayamba ndi code, zimenezi ndikanazidziwa patatha mwezi.

Kenako sankhani injini, ndiye kuti pulogalamu yopangiramo gemu. Ine ndimagwiritsa ntchito Godot. Ndi yaulere, palibe amene adzakudulani gawo pa zimene mwagulitsa, ndipo siidya bandulo yambiri poikopera. Inayambitsidwa ndi Juan Linietsky ndi Ariel Manzur a ku Argentina, ndipo code yake inatsegulidwa kwa aliyense mu 2014. Chilankhulo chake, GDScript, chimafanana ndi Python, chilankhulo china cholembera code, choncho amene anagwirako Python sasochera. Ngati laputopu yanu ndi yakale ngati yanga ya RAM ya 4GB, sankhani Compatibility poyamba pulojekiti mu Godot 4, pakuti ndi imene imayenda bwino pa makompyuta ndi mafoni ofooka. China chimene ndimaikondera n'chakuti mukadina F1 mumapeza malongosoledwe a malamulo ake onse m'kati momwemo, popanda intaneti.

Zilipo zina. Toby Fox anapangira Undertale mu GameMaker. GDevelop imalola kupanga gemu osalemba code. Unity ndi yamphamvu ndipo maphunziro ake ndi ochuluka pa YouTube, ngakhale kuti mu September 2023 eni ake analengeza zolipiritsa opanga magemu molingana ndi chiwerengero cha anthu oika gemuyo m'zipangizo zawo, anthu n'kukwiya kwambiri mpaka ganizolo linathetsedwa mu 2024. Sankhani imodzi sabata ino ndipo musasinthe mpaka gemu itatha. Ndaonapo anzanga atatha chaka akudumpha kuchoka pa injini ina kupita pa ina, opanda gemu yoti aonetse.

Poyamba musajambule kalikonse kokongola. Okwera anga anali mabokosi otuwa, ndalama zinali timakona tokhala ndi manambala. Ngati mabokosi otuwawo sakukoma kusewera, utoto sudzawakometsa. Zithunzi zibwere masewera atagwira kale. Zikafika, dzichepetsereni ntchito: tizithunzi ting'onoting'ono ta pixel art, mitundu yosapitirira 16, pogwiritsa ntchito LibreSprite kapena Krita, zonse zaulere. Mabatani ndi zizindikiro ndinatenga kwa Kenney, amene amapereka zithunzi zake pa chilolezo cha CC0, kutanthauza kuti mutha kuzigwiritsa ntchito ngakhale mu gemu yogulitsa. Zina za pa OpenGameArt kapena Freesound zimakhala za CC BY, zimene zimafuna kuti mutchule mwini wake. Tsegulani fayilo yolembamo chilichonse chimene mwatenga ndi kumene mwachitenga, tsiku lomwelo, chifukwa pakatha miyezi inayi simudzakumbukira. Ndalama za m'gemu ndinajambula zanga, mtundu ndi nambala basi, sindinajambule ndalama zenizeni ndi kamera.

Mawu ndinatola ndekha. Ndinapita ku depoti m'mawa ndi foni, ndinapempha dalaivala wina kuti atsegule ndi kutseka chitseko cha minibasi katatu, n'kuimba hutala. Kunyumba ndinadula phokosolo mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu. Kulira kwa chitseko chokhukhuluzacho ndi kumene anthu amayamba kuzindikira akangoyatsa gemu. Nyimbo ya woimba wina musaiikemo popanda chilolezo chake, ngakhale itakhala yoyenerera bwanji.

Tsopano nkhani yosunga ntchito, imene ndinaiphunzira ndi misozi. Usiku wina magetsi anazima laputopu ili m'kati mosunga, batire yake inali itafa kale, ndipo fayilo ya chithunzi chachikulu cha minibasi ndi mipando yake inawonongeka. Ntchito ya masabata atatu inapita. Kuyambira pamenepo ndimagwiritsa ntchito Git, pulogalamu imene imasunga mbiri ya zosintha zonse za mafayilo anu kuti muthe kubwerera ku zakale. Phunzirani malamulo anayi okha poyamba: add, commit, push ndi checkout. Usiku uliwonse musanagone chitani commit, ndiye kuti kusunga zimene mwasintha mu Git, mulembe mwachidule chimene mwasintha, ndipo mukapeza intaneti tumizani ku GitHub, tsamba la pa intaneti losungirako code. Code ndi malemba chabe, siitha bandulo. Kamodzi pa sabata koperani zonse pa fulashi imene simuisunga m'chikwama chimodzi ndi laputopu.

Chovuta kwambiri kwa munthu wopanga yekha n'chakuti maso ake amazolowera. Iwe ukudziwa batani loyenera kudina chifukwa unaliika wekha. N'chifukwa chake muyenera kupatsa munthu wina foni msanga, gemu ikadali yonyansa, kenako mutseke pakamwa. Musalongosole, musaloze. Khalani pambali ndi kope, muziyang'ana zala zake ndi nkhope yake. Mlongo wanga anatha pafupifupi mphindi yathunthu akudina nkhope za okwera, pamene ine ndinkafuna kuti azikoka ndalama kupita nazo kwa iwo. Lilime linkandiyabwa, koma ndinapirira. Madzulo ake ndinasintha kuti kudina nkhope kuzigwira ntchito, popeza ndi chimene dzanja la munthu limafuna kuchita lokha.

Amene anasintha gemu yonse ndi a malume anga, amene anakhalapo kondakitala zaka zambiri pa msewu wa Blantyre ndi Zomba. Anasewera kawiri, akugwira foni patali ndi maso, kenako anaiika pa tebulo n'kunena kuti: "Iwe mwana, kondakitala sabweza chenji pompopompo. Amayamba watolera kwa onse, ndalama n'kuzipinda pakati pa zala, ndipo amasunga m'mutu kuti mayi wa kumbuyo uja ndi wa K300, bambo wa chipewa ndi wa K1,200. Ntchito yake ndi kukumbukira." Ndinafunsa kuti, "Nanga a malume, mukaiwala?" Iwo anati wokwera saiwala, amakukumbutsa mokuwa minibasi yonse ikumva. Sabata imeneyo ndinagwetsa theka la zimene ndinamanga. Wosewera tsopano amatolera kaye kwa onse, kenako amabweza kuchokera m'mutu, ndipo akalakwitsa wokwera amadandaula. Gemu ya masamu inasanduka gemu ya kukumbukira, ndipo apa m'pamene inayamba kukoma. Ngati gemu yanu ikukhudza ntchito ya anthu enieni, kapezeni mmodzi woigwira musanapite patali.

Iyeseninso pa foni yotchipa kwambiri imene mungabwereke, osati pa yanu yokha. Pa itel yaing'ono ya mnansi wanga manambala ankaoneka ngati nyerere, ndipo chala chachikulu chinkadina mabatani awiri nthawi imodzi. Ndinakulitsa zonse. Yesetsani kuti fayilo ya APK, imene munthu amaikira gemu pa foni ya Android, ikhale yaing'ono moti munthu atha kutumizira mnzake pa WhatsApp kapena pa Bluetooth, ndiponso kuti gemu izisewereka popanda intaneti.

Za nthawi ndinene mwachidule. Musasiye ntchito imene imakudyetsani. Ine ndinkadzuka 5 koloko n'kugwira ola limodzi ndi theka ndisanapite ku ntchito. Ndisanatseke laputopu ndinkalemba pa kapepala chinthu chimodzi choti ndiyambe nacho mawa, monga "konza wokwera wotsika asanalandire chenji". Maganizo atsopano amabwera tsiku lililonse, apolisi apamsewu, mvula, matayala ophulika, ndipo onse ndinkawalemba kumapeto kwa kope pa tsamba la gemu yotsatira. Kusungulumwa kukakula, lowani nawo mpikisano wopanga gemu m'masiku ochepa. Global Game Jam imachitika mu January ndipo anthu amapanga gemu m'maola 48, Ludum Dare nayo ndi ya masiku awiri kapena atatu, ndipo pa itch.io, tsamba la pa intaneti loikapo magemu, pamakhala mipikisano yotere nthawi zonse.

Mukaona ngati mwamaliza, dziwani kuti kwatsala ntchito yotopetsa: tsamba loyambira, batani loimitsa kaye, kusunga zigoli, kuchepetsa mawu, chizindikiro cha pa foni, zithunzi zotsatsira. Yesaninso chimene chimachitika munthu akaimbiridwa foni ali m'kati mosewera. Kwa ine zimenezi zinadya miyezi iwiri pa isanu ija.

Potulutsa, itch.io ndi pamalo posavuta kuyambira: kuika gemu n'kwaulere ndipo mumasankha nokha gawo lowapatsa, ngakhale amayamba akuikirani 10 peresenti. Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu a pa kompyuta, imafuna $100 pa gemu iliyonse, imene amakubwezerani gemuyo ikapanga $1,000, ndipo amatenga 30 peresenti ya zogulitsa. Google Play imafuna $25 kamodzi kokha, koma akaunti yatsopano ya munthu payekha imayenera kupereka pulogalamu kwa anthu osachepera 12 kuti aiyese kwa masiku 14 otsatizana isanaloledwe kupita kwa aliyense, choncho yambani kulemba mayina a abale ndi anzanu amene ali ndi mafoni a Android mwezi umodzi nthawi isanakwane. Ngati mukufuna kugulitsa, werengani kaye mmene sitolo imeneyo imatumizira ndalama ku dziko limene mukukhala musanalipire kalikonse.

Kuti Godot ipange APK imafuna mapulogalamu ena awiri, Java JDK ndi Android SDK, ndipo zimenezi n'zolemera, choncho kazikopereni pamalo pamene pali Wi-Fi. Mudzapanganso kafayilo kotchedwa keystore, kamene kamasainira gemu yanu kuti foni idziwe kuti zosintha zikuchokera kwa inu. Kasungeni pawiri kapena patatu pamodzi ndi mawu ake achinsinsi, koma musakaike pa GitHub pamene aliyense angakaone. Kanga kali pa fulashi ija, ndipo mawu achinsinsi ndinawalemba m'kati mwa chikuto cha kope lakale la ulendo wa ku Chitipa.