Momwe mungasinthire maonekedwe a Ubuntu ndi GNOME Tweaks kuti zilembo zizioneka bwino

Amalume anga anapuma ntchito ya uphunzitsi ndipo masiku ano amakhala cha ku Mpondasi. Loweruka lina m'mawa anatulukira pa shopu yanga ya fotokope pano pa boma, laputopu yawo ili m'jumbo. Ndinali nditawaikira Ubuntu, mtundu wa Linux umene umayendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, masabata awiri m'mbuyomo, chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025 ndipo makina awo akalewo sakanatha kunyamula Windows 11. Anaika laputopuyo patebulo, n'kuvula magalasi, n'kupukuta thukuta.

"Mphwanga, makinawa akuthamanga, sindikunama ayi. Koma zilembo zake zili ngati nyerere. Ndikangolemba tsamba limodzi la malipoti a komiti, mutu wayamba kale kuwawa."

Vuto la amalume linatha m'mphindi zosakwana khumi, ndipo chimene chinatithandiza ndi kapulogalamu kotchedwa GNOME Tweaks. Ndaona anthu angapo kuno ku Mangochi, aphunzitsi, ophunzira, ngakhale alembi a makomiti a asodzi, akufuna kubwerera ku Windows pa zifukwa zazing'ono ngati zimenezi, osadziwa kuti zimakonzeka. N'chifukwa chake ndalemba njira yonse apa.

Yambani mwadziwa chimene muli nacho

Linux si chinthu chimodzi. Mtima wake, umene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991, ndi umodzi, koma nkhope imene mumaiona pa sikirini imasiyanasiyana. Nkhope ya Ubuntu wamba imatchedwa GNOME. Ntchito ya GNOME inayambitsidwa mu 1997 ndi Miguel de Icaza ndi Federico Mena, ndipo Ubuntu inabwereranso ku GNOME mu 2017 itagwiritsa ntchito nkhope ina yotchedwa Unity kwa zaka zingapo. Tweaks inapangidwira GNOME basi. Ngati munaikiridwa mitundu ina ya Linux monga Linux Mint kapena Xubuntu, musavutike nayo, chifukwa zimenezo zili ndi malo akeake osinthira maonekedwe.

Kuti mutsimikize, dinani Ctrl, Alt ndi T nthawi imodzi. Patseguka Terminal, kawindo kakuda kolembamo malamulo. Lembani izi n'kudina Enter:

echo $XDG_CURRENT_DESKTOP

Yankho likakhala ndi mawu oti GNOME, pitirirani. Dziwaninso mtundu wa Ubuntu wanu: 22.04 imabwera ndi GNOME 42, pamene 24.04 imabwera ndi GNOME 46. Izi n'zofunika chifukwa zinthu zina zimene kale zinali mu Tweaks zinasamutsidwira mu Settings, ndiye mukaonera vidiyo yakale pa YouTube mutha kufunafuna batani limene kulibenso.

Kuika Tweaks

Lumikizani intaneti, kaya ndi ya pa foni yanu. Mu Terminal momwemo lembani lamulo loyamba, lidikireni limalize, kenako lachiwiri:

sudo apt update

sudo apt install gnome-tweaks

Kompyuta ifunsa pasiwedi yanu. Pamene mukulemba, palibe chimene chioneke, ngakhale timadontho. Ambiri amaimira pamenepa poganiza kuti kiyibodi yafa. Sinafe: lembani pasiwediyo bwinobwino n'kudina Enter. Ikafunsa ngati mukufuna kupitiriza, dinani Y.

Tweaks yokha ndi yaing'ono kwambiri. Chimene chimadyako bando nthawi zambiri ndi lamulo loyamba lija, makamaka ngati padutsa nthawi musanalichite. Mukaona uthenga woti Unable to locate package, lembani sudo add-apt-repository universe, kenako bwerezani malamulo awiri aja. Zikatha, dinani batani lokhala ndi chizindikiro cha Windows, limene ku Linux amalitcha Super, lembani Tweaks, n'kutsegula.

Musanakhudze kanthu, sungani mmene zinthu zilili

Gawo ili anthu amalidumpha, koma ine sindisintha kanthu pa makina a munthu ndisanachite izi. GNOME imasunga zosankha zanu zonse pamalo amodzi otchedwa dconf, ndipo mukhoza kuzikopera mu fayilo imodzi:

dconf dump / > zakale.txt

Fayiloyo ikhala mu foda yanu ya Home. Tsiku lina zinthu zikadzasokonekera, mudzalemba dconf load / < zakale.txt ndipo zosankha zimene munasungazo zidzabwerera. Yang'anitsitsani kumene kachizindikiro kaja kaloza. Posunga kamaloza ku dzina la fayilo, pobweza kamatembenuka.

Zilembo: apa ndiye pagona nkhani

Mu Tweaks sankhani Fonts. Muona mayina a mitundu ya zilembo, ndipo chakumunsi kuli Scaling Factor yolembedwa 1.00. Nambala imeneyi ndi imene imakulitsa zilembo paliponse nthawi imodzi: pa mayina a mafayilo, m'mamenyu, pa wotchi ya pamwamba. Ikwezeni pang'onopang'ono ndi kachizindikiro ka kuphatikiza, mukuyang'ana mmene sikirini ikusinthira pomwepo.

Kwa amalume tinayamba ndi 1.25. Anavala magalasi, anasendera kumbuyo mpaka msana unagunda mpando, n'kuwerenga mayina a mafoda mokweza mmodzimmodzi, monga mphunzitsi akuitana mayina m'kalasi. Koma titatsegula LibreOffice Writer kuti tiyese kusindikiza, kawindo kosindikizira kanatalika mpaka mabatani a m'munsi anatsala pang'ono kubisika. Malaputopu ambiri akale amene timagula pa kaunjika ali ndi sikirini ya 1366 ndi 768, ndipo malo ake ochokera pamwamba kufika pansi ndi ochepa. Tinatsitsa kufika pa 1.15, zonse zinakwana, amalume n'kumawerengabe osatsinzinitsa maso. Langizo langa ndi lomwelo: pa sikirini yaing'ono yambirani pa 1.10 kapena 1.15, kenako tsegulani mapulogalamu amene mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku muone ngati mabatani onse akuoneka. Pa sikirini ya 1920 ndi 1080, nambala ya 1.25 imakhala bwino.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza. Scaling Factor siikhudza kukula kwa zilembo papepala. Kalata imene mwailemba pa saizi 12 idzatuluka mu pulinta pa saizi 12 yomweyo. Ndimalandira makalata ambiri pa shopu olembedwa pa saizi 18 kapena 20 chifukwa mwini wake samaona bwino pa sikirini, ndiye kalata ya tsamba limodzi imasanduka masamba atatu, ndalama yosindikizira n'kukweranso katatu. Kulitsani zooneka pa sikirini, pepala lisiyeni pa 12.

Pa tsamba lomwelo pali Hinting ndi Antialiasing, zimene zimasalaza m'mbali mwa zilembo. Hinting isiyeni pa Slight. Pa Antialiasing yesani Subpixel ngati zilembo zikuoneka zachimbuuzi; mukaona timitundu tofiira kapena tobiriwira m'mbali mwake, bwererani pa Standard. Mtundu wa zilembo weniweniwo ine sindiusintha. Umene unabwera ndi Ubuntu umawerengeka bwino, ndipo mitundu yokongoletsa ija imatopetsa maso msanga.

Kiyibodi, ndi kalembedwe ka ŵ

Amene anaphunzira kutaipa atakula amagunda Caps Lock mwangozi pofuna chilembo cha A, n'kuzindikira atalemba mzere wonse m'zilembo zikuluzikulu. Choipa kwambiri n'chakuti pasiwedi imakanidwa munthu osadziwa chifukwa. Mu Tweaks pitani pa Keyboard, kapena Keyboard & Mouse pa Ubuntu 22.04, dinani Additional Layout Options, tsegulani Caps Lock behavior, n'kusankha Caps Lock is disabled. Zilembo zazikulu muzilemba ndi Shift.

Amalume ndi a gulu lija limene silingalembe dzina la dziko lino popanda kadenga pamwamba pa w. Kwa iwo ndi Malaŵi, ndipo kale ankachita kukopera chilembocho pa intaneti nthawi iliyonse. Njira yachidule ndi batani lotchedwa Compose. Pa Ubuntu 20.04 linkasankhidwa mu Tweaks, koma pa 22.04 ndi 24.04 lili mu Settings, pansi pa Keyboard, pamene palembedwa Compose Key. Sankhani batani limene simuligwiritsa ntchito kawirikawiri, monga Right Alt. Tsopano dinani batani limenelo n'kulisiya, dinani Shift ndi 6 kuti mupeze kadenga, kenako w. Patuluka ŵ. Mukafuna chachikulu, malizani ndi Shift ndi W. Izi zili choncho pa kiyibodi ya Chingerezi imene ambirife tili nayo. Njira ina yosafuna kusintha kanthu ndi kudina Ctrl, Shift ndi U pamodzi, kulemba 0175, n'kudina Enter.

Pa gawo la mausi pali Middle Click Paste. Ikakhala yoyatsa, kudina kagudumu ka mausi kumamata mawu alionse amene munawasankha komaliza. Ngati mumapeza mawu achilendo atalowa okha pakati pa kalata yanu, zimitsani chimenechi.

Mawindo ndi zoyamba zokha

Pa gawo la Windows, lotchedwa Window Titlebars pa mitundu yakale, mukhoza kuyatsa mabatani a Maximize ndi Minimize. Ubuntu imabwera nawo kale, koma mitundu ina ya Linux monga Fedora ndi Debian imangokupatsani lotsekera lokha. Pa gawo la Windows, ngakhale pa mitundu yakale, yatsaninso Center New Windows kuti zotseguka zizibwera pakati, ndipo zimitsani Attach Modal Dialogs kuti kawindo kofunsa funso kazitheka kusunthidwa pamene kaphimba chimene mukufuna kuwerenga.

Startup Applications imaonetsa mapulogalamu amene amadzuka okha mukangoyatsa kompyuta. Pa makina a RAM ya 4 GB, siyani mndandandawu uli waufupi. Pulogalamu iliyonse yodzuka yokha ikudya batire ndiponso ikutenthetsa makina, ndipo amene anakhalako kuno mu Okutobala ndi Novembala akudziwa mmene fani ya laputopu imalirira masana dzuwa likafika paliwombo.

Pa chifukwa chomwecho ndimazimitsa timasewero ta mawindo, kuja kotsetsereka ndi kufufuma potseguka. Batani lake linachoka mu Tweaks kupita ku Accessibility mu Settings, koma lamulo ili limagwira pa mitundu yonseyi:

gsettings set org.gnome.desktop.interface enable-animations false

Makina akale amapepukirako ndithu. Ndipo popeza magetsi amatha kuzima ntchito ili pakati, ndi bwino kumaona batire m'manambala, osati kachithunzi kokha:

gsettings set org.gnome.desktop.interface show-battery-percentage true

Za mitundu ndi zokongoletsa

Achinyamata akamva za Tweaks amathamangira pa Appearance, pofuna kuti laputopu ioneke ngati MacBook. N'zotheka ndithu: mafayilo a maonekedwe amaikidwa mu foda yobisika ya .themes, a tizithunzi mu .icons, zonse mkati mwa Home, ndipo mafoda obisika amaoneka mukadina Ctrl ndi H. Koma kuyambira GNOME 42 mapulogalamu ambiri a GNOME amamangidwa ndi chida chokonzera maonekedwe chotchedwa libadwaita, chimene sichimvera maonekedwe ochokera kunja. Mapeto ake windo lina limasintha, lina osasintha, kompyuta n'kuoneka ngati chitenje chosokedwa zigamba. Ngati mukungofuna mtundu wakuda kapena kusintha kofiirira ka Ubuntu kuti kakhale kobiriwira, pitani mu Settings pa Appearance, zili pomwepo ndipo sizithyola kanthu.

Zowonjezera zotchedwa extensions sizilinso mu Tweaks kuyambira GNOME 40. Zimayendetsedwa ndi pulogalamu ina, imene mungaike ndi sudo apt install gnome-shell-extension-manager. Apa ndimachenjeza kwambiri. Zowonjezerazi zimalowa mkati mwenimweni mwa GNOME, ndipo chimodzi chikakhala chosagwirizana ndi mtundu wanu chikhoza kuumitsa sikirini yonse. Mnyamata wina wa ku Namwera anabweretsa laputopu ataikamo zokwana 11 usiku umodzi, ndipo sitikanadziwa cholakwa ndi chiti. Ikani chimodzi, gwirani nacho ntchito tsiku lonse, kenako muganize za china. Zikavuta, dinani Ctrl, Alt ndi F3, lowani ndi dzina lanu ndi pasiwedi, n'kulemba:

gsettings set org.gnome.shell disable-user-extensions true

Kenako lembani sudo reboot. Kompyuta idzuka zowonjezera zanu zonse zili zozima, ndipo mukhoza kuchotsa zokayikitsazo musanabwezeretse lamulo lija ndi mawu oti false kumapeto.

Pa laputopu ya amalume sitinaikepo chowonjezera chilichonse. Tinakweza zilembo kufika pa 1.15, tinazimitsa Caps Lock ndi timasewero, tinayatsa nambala ya batire, n'kuika Compose pa Right Alt. Ndinawalembera njira ya ŵ pa kapepala, iwo n'kukamata ndi selotepi pambali pa kiyibodi. Asananyamuke anatsegula Writer, analemba Malaŵi kanayi motsatizana ndi chala chimodzi, kenako anatseka laputopu n'kuibwezera m'jumbo.

"Mphwanga, Lachitatu ndibwera ndi malipoti udzandisindikizire. Ukuti ndisiye pa 12?"

"Eya amalume, pa 12 pomwepo."