Momwe mungakonzere potifoliyo ya zithunzi yoti izikubweretserani ntchito

Amene akusaka wojambula pa ukwati wa mwana wawo, kapena bungwe lofuna zithunzi za ntchito yake kumudzi, kawirikawiri safunsa kuti muli ndi kamera yanji. Amangoti, "Tationetsani zomwe munajambulapo." Ojambula ambiri pamenepa amatsegula foni n'kuyamba kuonetsa zithunzi mazanamazana, zabwino ndi zoipa zomwe, mpaka woyang'anayo kutopa. Potifoliyo ndi zithunzi zochepa, pakati pa 15 ndi 25, zosankhidwa ndi kuikidwa mwadongosolo kuti zionetse ntchito imene mukufuna kupatsidwa. Kasitomala amakuyezani ndi chithunzi chofooka kwambiri chimene waona, poti akudziwa kuti pa tsiku lakelo mungathe kumujambulira chotero.

Yambani ndi kusankha ntchito imodzi

Wofuna wojambula chinkhoswe sathandizidwa ndi chithunzi cha mvuu za ku Liwonde, ngakhale chikongole bwanji. Sankhani mbali yanu: maukwati ndi zinkhoswe, mpira, ntchito za mabungwe, katundu wamalonda kapena nkhope za anthu. Ngati mumajambula mbali ziwiri, konzani mapotifoliyo awiri, aliyense muzimutumizira yomukhudza.

Mukatero lembani zovuta za ntchitoyo, chifukwa ndi zimene potifoliyo iyenera kutsimikizira kuti mumazitha. Pa ukwati pafunika chithunzi cha mkwatibwi akukonzeka m'chipinda chosawala bwino, cha kuvekana mphete m'tchalitchi, cha gulu la abale onse akuoneka nkhope, ndi cha perekaniperekani m'holo anthu akuvina. Potifoliyo yodzaza ndi zithunzi za akwati awiri ataima pa kapinga dzuwa likupendeka imangosonyeza kuti mumatha gawo lofewa.

Mayeso aakulu ndi diresi loyera pa khungu lakuda. Kamera ikaona kuyera kochuluka imachepetsa kuwala, nkhope n'kuda bii. Mukaonjezera kuwala kuti nkhope ioneke, diresi limayera mbee, maluwa osokedwa pamenepo n'kufufutika. Imikani akwatiwo pa mthunzi kapena afulatire dzuwa, nkhope muziwalitse ndi fulashi yochepetsedwa mphamvu kapena ndi nsalu yoyera yobwezera kuwala, ndipo jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona, kuti pokonza muthe kudzutsa mithunzi. Chithunzi chimodzi chimene diresi ndi nkhope zonse zikuoneka bwino chimaposa zithunzi khumi za mphete ndi nsapato.

Ngati zithunzi zoyenera mulibe, kajambuleni

Pemphani wojambula wodziwa kale kuti muzimuperekeza ngati wachiwiri wake. Gwirizanani musanapite, polemba, ngakhale pa WhatsApp, ngati mudzaloledwa kuika zithunzizo mu potifoliyo yanu komanso kuyambira liti. Mikangano yambiri imabuka wachiwiri akathamangira kuika zithunzi pa Facebook eni ukwati asanalandire zawo.

Njira ina ndi kudzipatsa nokha ntchito yokhala ndi mutu umodzi: a kabaza a m'tauni mwanu, asodzi akukocheza m'mawa ku Senga Bay, otchola tiyi ku Thyolo. Bwererani kumeneko kangapo, chifukwa ulendo woyamba anthu amauma thupi akaona kamera.

Nthawi ikhale m'mawa 8 koloko isanakwane kapena madzulo kuyambira 4 koloko. Dzuwa la paliwombo limasiya mithunzi m'maso ndi pansi pa mphuno. Kuno ku Malawi dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 mu June ndipo limangopitirira pang'ono 6 koloko mu January, mdima n'kugwa msanga, choncho musachedwe kuyamba. Munthu woima mujambuleni pa liwiro la shata (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala) losachepera 1/125 ya sekondi, wovina pa 1/500, wosewera mpira pa 1/1000. M'holo yamdima ndi bwino kukweza ISO, muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, kufika 3200 kusiyana ndi kutsitsa liwiro, popeza timadontho ta ISO timachepetseka pa kompyuta pomwe chithunzi chogwedezeka sichikonzeka. Lenzi ya 50mm f/1.8 ndi yotsika mtengo ndipo imathandiza kwambiri kumdima, koma pojambula gulu chepetsani bowo lake lolowera kuwala kufika f/5.6 kapena f/8, apo ayi a mzere wakumbuyo satuluka bwino.

Kusankha, pomwe pamagona ntchito yeniyeni

Sonkhanitsani zithunzi zonse zomwe mukuziona kuti n'zabwino mu foda imodzi, zingakwane 200. Ulendo woyamba yang'anani zolakwika zokha. Kuzani chithunzi chilichonse kufika 100% pa kompyuta ndipo onani maso a munthuyo. Ngati kamera inagwira khutu kapena khoma lakumbuyo m'malo mwa maso, chotsani. Pa foni zimenezi sizioneka, n'chifukwa chake ambiri amadzazindikira chithunzi chitatsukidwa kale. Chotsaninso zomwe mwadula zala kapena mapazi, ndi zomwe mtengo wa magetsi ukuoneka ngati wamera pamutu pa munthu.

Ulendo wachiwiri chotsani zofanana. Pa zithunzi zisanu za mphindi imodzi patsale chimodzi. Pa ukwati umodzi musatenge zoposa zitatu kapena zinayi, kuti woyang'ana asaganize kuti munajambulapo kamodzi kokha.

Zikatsala 50 kapena 60, zisiyeni kwa masiku angapo. Kenako zitsukitseni zazing'ono, za mainchesi 4 ndi 6, muziyale pa tebulo kapena pa mphasa kuti musankhepo 15 mpaka 25 zija. Zikakhala pamodzi chonchi, chofooka chimaonekera chokha, ndipo mumaonanso ngati zonse mwazijambula muli chiimire pa mtunda umodzimodzi. Pafunika kusakaniza: chapatali choonetsa malo, chapakati choonetsa zochitika, chapafupi choonetsa nkhope kapena manja.

Msampha waukulu ndi chithunzi chimene munachivutikira. Munakwera phiri la Mulanje, munanyowa ndi mvula, ndiye mtima ukukana kuchisiya. Kasitomala saona thukutalo, amaona chithunzi chokha. Itanani wojambula mnzanu wosakunyengererani kuti achotse zisanu zofooka, ndipo musamufotokozere nkhani ya chithunzi chilichonse asanasankhe. Achibale pamenepa sathandiza, amayamikira zonse.

Zikonzeni kuti zioneke kuti ndi za dzanja limodzi

Pulogalamu ya Lightroom ndi yolipira, darktable ndi RawTherapee ndi zaulere pa kompyuta, Snapseed ndi yaulere pa foni. Iliyonse ikwanira. Chofunika ndi kuti mtundu wa zithunzi ufanane, osati china chachikasu, china chabuluu, china chothiridwa fyuluta. Magetsi ena a m'matchalitchi ndi m'maholo amapatsa khungu kaubiriwiri, choncho konzani white balance, yomwe imawongola mitundu kuti choyera chioneke choyeradi, poyang'ana chinthu choyera ngati malaya a mkwati. Wongolani mzere wa nyanja kapena wa denga ngati wapendekeka. Fufutani timadontho ta fumbi la pa sensa (kachipangizo ka m'kamera kolandira kuwala), timene timaoneka kwambiri pa thambo mukajambula pa f/11 kapena f/16 m'miyezi ya fumbi.

Khungu musaliyeretse kapena kulisalaza mpaka munthu kuoneka ngati chidole cha m'sitolo. Mabungwe ndi nyumba zofalitsa nkhani amakana zithunzi zotere, ndipo pa zithunzi za nkhani saloleza kuchotsa kapena kuonjezera chinthu chimene panalibe. Dzina lanu, ngati mukufuna lioneke, likhale laling'ono pakona.

Poyala, chithunzi champhamvu kuposa zonse chikhale choyamba, chachiwiri chake chikhale chomaliza. Za ukwati zitsate mmene tsikulo limayendera. Pansi pa zithunzi za mabungwe ndi za nkhani lembani mzere umodzi wonena malo, chaka ndi chimene chikuchitika.

Mmene mungaitumizire

Konzani kaye PDF. Chithunzi chimodzi pa tsamba, kumbuyo koyera kapena kwakuda, tsamba loyamba likhale ndi dzina lanu, mtundu wa ntchito, boma limene mumakhala, nambala ya foni ndi imelo. Tulutsani zithunzi mu JPEG, mbali yaitali mapikiselo 2048, quality 80, ndipo dongosolo la mitundu (colour space) likhale sRGB. Mukasiya pa Adobe RGB zimaoneka zofwifwa pa mafoni ambiri. Fayilo yonse isapitirire 10MB, chifukwa munthu sangathere bandulo yake pa potifoliyo ya wojambula amene sakumudziwa. Pa WhatsApp tumizani ngati document; mukatumiza ngati zithunzi wamba zimafinyidwa, ubwino wake n'kuchepa.

Pa masamba a pa intaneti oonetserapo potifoliyo, Behance ndi yaulere, ndipo Adobe Portfolio imabwera pamodzi ndi malipiro a Lightroom. Instagram ndi Facebook ndi zoitanira anthu, koma zimasakaniza ntchito ndi zina, ndiye tsegulani tsamba la ntchito lokha. Chithunzi choimirira cha pa Instagram chitulutseni pa mapikiselo 1080 ndi 1350. Mukamaliza, tsegulani zonsezi pa foni yotsika mtengo, pa netiweki ya foni osati Wi-Fi, muone ngati zikutseguka msanga.

Kwa makolo ndi ankhoswe, amene nthawi zambiri ndiwo amagwira thumba la ukwati, alubamu yogwirika imagwira mtima kuposa foni. Chithunzi cha A4 chimafuna mapikiselo 2480 ndi 3508 kuti chituluke bwino pa 300 dpi (madontho 300 pa inchi). Yambani mwatsukitsa chimodzi choyesera, popeza chithunzi cha pa pepala chimada kusiyana ndi mmene chimaonekera pa sikirini yowala.

Chilolezo ndi umwini

Kulipidwa kuti mujambule ukwati sikutanthauza kuti mwaloledwa kutsatsira malonda nkhope za eni ake. Ikani mzere wa chilolezo mu mgwirizano wanu ndipo asayine. Pa ana pafunika chilolezo cha kholo, ndipo za odwala ndi za pa maliro musaziike popanda eni ake kuvomera momveka. Gule wamkulu sajambulidwa mwachisawawa, yambani mwaonana ndi mfumu ndi akuluakulu a dambwe. Zithunzi zojambulira bungwe funsani kaye ngati mungazionetse, ena amaletsa mu mgwirizano.

Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zithunzi m'Malawi, ndipo bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso ndi COSOMA. Umboni wanu woyamba ndi fayilo ya RAW, choncho musaipereke chisawawa, komanso lembani dzina lanu m'kamera kuti lizilowa mu fayilo iliyonse. Mafayilo a potifoliyo akhale m'malo atatu: pa kompyuta, pa hard drive yapadera yosungidwa kwina, ndi pa intaneti, monga pa Google Drive yomwe imapereka 15GB yaulere.

Miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ibwerezeninso potifoliyo yanu. Chithunzi chatsopano chikalowa, chofooka chimodzi chituluke kuti chiwerengero chisakwere, ndipo onetsetsani kuti nambala ya foni yomwe ili pa tsamba loyamba ikugwirabe ntchito.